Miyezi Khumi ya Ba Dailesi

1

Ndiyambe ndakuuzani kuti sindinagwirepo mpeni, kwa sing'anga sindinapondeko, ndipo m'nshima ya munthu sindinathiremo kanthu. Mukandiona Lamlungu ku tchalitchi cha Reformed nditakhala benchi yachitatu, mwana ali pamiyendo, mudzati mayi uyu ndi waulemu zedi. Dzina langa ndine Gwendolyn, ndimakhala ku Kafue, ndipo ndinapha mkulu wanga ndi pepala limodzi.

Ine ndi wa manambala. Nthawi imeneyo ndinkachita digiri yachiwiri ya sitatisitikisi ku Lusaka, m'mawa uliwonse kupanikizana m'minibasi, laputopu ili pachifuwa. Pa kafukufuku wanga anandipatsa fayilo ya amayi 412 odwala khansa ya khomo la chiberekero, mayina atafufutidwa. Mayi aliyense anali mzere umodzi: zaka zake, pamene matenda anafika, ngati anamaliza chithandizo kapena anasiyira panjira, ndi miyezi imene anakhala. Kumapeto kunali kabokosi. Ukalembamo 0 ndiye kuti anali moyo pamene anaonedwa komaliza. Ukalembamo 1 ndiye kuti anapita.

Mkulu wanga, ba Dailesi, anali telala pamsika wa Kafue, cha kufupi ndi siteshoni ya sitima. Anandiposa zaka zinayi. Sukulu analekezera Giredi 12, koma m'mutu munali mowala, ndipo pakamwa panali lumo. Mapepala anga onse akale ankawatenga kuti azidulira mapatani a zovala. Madiresi ambiri a pa ukwati ku Kafue kuno anadulidwa pa homuweki yanga.

Tsono pali Luckson, wokonza magetsi. Ameneyo ndinamupeza ndine, mu kwaya, chaka cha 2014. Ndinabwera naye kunyumba kuti apatse moni atate, ba Jailos, popeza amayi anali atatisiya kale. Kenako ndinapita ku koleji. Nditabwera pa holide ndinapeza ba sisi atagwada, akumuthirira madzi osamba m'manja. Palibe anandipepesa. Ba sisi anangoti, "Gwen, iwe ukali mwana, uli na sukulu." Pa ukwati wawo ndinavina mpaka nsapato kuduka, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi ndinamuitana kuti ba mulamu, mano ali poyera.

2

Wondiyang'anira pa kafukufuku anali ba Chileshe, bambo wamfupi wa dazi, wokonda bolopeni yofiira kuposa ana ake.

"Shani, Gwen? Wasankha njila iti?" anandifunsa Lolemba lina mu Malichi, 2023, atayamba ndi moni wa kwawo.

"Parametiriki, ba dokota. Weibull."

"Chifukwa?"

"Ioneka bwino."

"Ioneka bwino! Nanga ni mkwati?"

Mawu amenewa asakuopseni, ndikufotokozereni. Pofuna kudziwa kuti odwala amakhala nthawi yaitali bwanji, timajambula mzere umene umayamba pamwamba onse ali moyo, nkumatsika akamafa. Njira yoyamba, ya parametiriki, umasankhiratu maonekedwe a mzerewo usanayang'ane anthu. Manambala amangokuuza kuti utsetsereke msanga kapena pang'onopang'ono. Mtundu umene ndinasankhawo, wa Weibull, ngozi ya imfa ikayamba kukwera siiloledwanso kutsika. Ubwino wake, mzere umatuluka wosalala, ndipo umakulola kulosera ngakhale zaka zimene sunazione.

Njira yachiwiri ndi semi-parametiriki, ambiri amangoti Cox. Iyo imalamula theka lokha. Imayerekeza gulu ndi gulu, omaliza chithandizo ndi osamaliza, koma za mmene miyezi ikuyendera imatsatira anthuwo mmene anayendera. Mzere wake ndi wa masitepe, wosaoneka bwino, ndipo pamene anthu ako athera nawo umaima, sulosera kanthu.

Tsiku lina ndinawafotokozerapo ba sisi zimenezi akupinda siketi. Sanadzutse nkomwe mutu.

"So yoyamba ni ya salaula," anatero, akunena zovala za kaunjika, mapini ali pakamwa. "Munthu akwanemo, asakwanemo, avale chabe. Yachibili ni yopima."

Ba Chileshe nawo anati palibe yoipa pa ziwirizi. "Shepu ikakwana, parametiriki ni yamphamvu maningi. Ikalephela kukwana, inama mwaulemu, na tayi pakhosi. Chita zonse zibili, unibweletsele pa Chisanu."

Ndinachita zonse ziwiri, ndinapita Lachisanu. Zimene zinachitika mu ofesi ija ndikuuzani, koma osati pano.

3

Pa nthawiyi nkuti ba sisi atapezeka ndi khansa yomweyo. Inde, yomweyo ya m'fayilo yanga. Anayenera kulandira chithandizo cha masabata asanu ndi awiri ku Lusaka, makina owotcha tsiku ndi tsiku ndi mankhwala a m'diripi sabata iliyonse. Atatha masabata awiri okha anali ngati nsanza yonyowa. Kusanza, kutsegula m'mimba, khungu kupsa, ndiye muwonjezere minibasi yodumpha mabampu kupita ndi kubwera.

Lolemba masana ndinawapeza atagona pa chitenje pakhonde la nyumba yawo, beseni lili pambali. Luckson anakhala pa sitepe, atate pa mpando, chipewa chili pabondo.

"Gwen," anatero ba sisi, "madokota bakamba chabe ati pitilizani, pitilizani. Iwe ndiwe uziba manambala. Bamene bali monga ine, bakhala bangati?"

"Ba sisi, munthu aliyense ni wosiyana."

"Osanikambila va pa posita. Niuze zoona. Ngati nivutika so kuti nikhale na moyo, nizapilila. Ngati nivutika chabe, nifuna nizibe."

Mawa lake ndinabwera ndi pepala. Ndinaliyala pa chitenje pomwepo, onse atatu anaweramira. Mzere wabuluu, wosalala, wotsetsereka bwinobwino kuchoka pamwamba mpaka pansi.

"Apa ni mwezi wa teni," ndinaloza ndi chala. "Pofika apa, hafu bapita. Apa ni zaka zitatu. Mzele wagunda pansi."

"Olo basilize mankhwala?"

"Uyu ni mzele wa bamene banasiliza."

Luckson anagwira kumaso nkuyamba kulira mokweza ngati mwana. Atate anangoti "Ambuye" kamodzi. Ba sisi okha sanalire. Ananyamula pepalalo, kuliyang'ana cham'mbali monga amachitira ndi nsalu imene akuikayikira.

"Wasalala maningi mzele uyu," anatero. "Gwen, wanipima ine, olo ni ya salaula?"

Mawu anga anatuluka owongoka, ndinadabwa nawo ndekha.

"Ni kompyuta, ba sisi. Siinama."

Ba sisi anapinda pepalalo kanayi nkuliika m'bulauzi.

"Ngati ni miyezi teni, sinizapatsa makina masabata yena faifi. Nipelekeni ku Chanyanya kwa ba Fines. Nifuna mphepo ya kumadzi."

Ba Fines ndi azakhali athu, mlongo wa atate, ogulitsa nsomba kumeneko. Atate anayesa kukana, Luckson anayesa kukana, koma pepala linali litalankhula, ndipo amene analibweretsa anali mwana wophunzira wa pabanja. Loweruka tinakweza makina awo osokera pa kanta. Galimoto itatsala pang'ono kunyamuka ba sisi anakuwa kuti, "Gwen, nipatseko mapepala yako yakale, nizadulila chani kuja?" Ndinathamanga kunyumba kwa atate, nkukoka katoni ya pansi pa bedi, nkuiponya pa kanta osayang'anamo.

4

Amene anandituma kuti ndizikaphikira Luckson ndi atate enieni. "Mlamu wako akudya mabanzi ndi tiyi basi, pita ukamuonere," anatero m'Chichewa chawo cha ku Dedza chimene zaka makumi anayi za ku Kafue zinalephera kuchipinda. Amayi a Chigwirizano a ku tchalitchi anandiyamikira. Ati mwana wa Jailos uyu ndi wa chifundo.

Chifundo chake chinatha masabata asanu ndi limodzi. Loweruka lina masana, mbale zisanatsukidwe nkomwe, Luckson anandigwira dzanja nkunena kuti, "Gwen, ninakulakwila kudala." Mawu amenewo, ovomera kuti anandilakwira kalekale, ndinawadikira zaka zisanu ndi zinayi, abale. Sindinachotse dzanjalo.

Musayembekeze kuti ndinena kuti ndinagona osapeza tulo. Ndinkagona tulo tokoma. Ndinkayenda m'nyumba ya mkulu wanga osavala nsapato, kusuntha makapu, kusintha makatani. Mu Julaye ndinazindikira kuti ndili ndi pakati, ndipo chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kutenga kalendala. Mwezi wakhumi ukugwa mu Januwale. Mwana abadwa mu Epulo. Maliro ayamba, mwana atsatira, ndipo anthu adzang'ung'udza pang'ono nkumati bola nyumba yasamalidwa ndi wa pabanja. Ha! Munthu wa digiri, kukonza moyo wake pa nambala imene ankadziwa bwino kuti imangonena za theka la anthu. Ndinali nditayamba kukhulupirira pepala langa lomwe.

Kamodzi pa mwezi tinkapita ku Chanyanya, ine ndi Luckson, kukhala motalikirana m'galimoto ngati anthu osadziwana. Fumbi la msewu uja, fungo la nsomba zoyanika, ntchentche, njinga zodzaza madengu. Tinkawapeza ba sisi pansi pa mtengo akupalasa makina, akazi a asodzi atawazungulira ndi nsalu zawo. Zilonda za makina owotcha aja zinali zitapola. Masaya anali atabwereramo.

"Mwaina, ba sisi," ndinatero ulendo wina poona kunenepa kwawo.

"Ni nsomba," anaseka. "Bwela uone."

Anandilowetsa m'kachipinda kawo. Kuseri kwa chitseko kunapachikidwa diresi yoyera ya manja aatali, yosokedwa mwaluso kuposa zonse zimene ndinawaonapo akusoka.

"Ni yopitila. Sinifuna munivalike vosakwana. Mabatani naika kumbuyo kuti musavutike."

Ndinaiyamikira, ndinagwira ndi msoko womwe nkunena kuti wawongoka. M'mimba mwanga munali mwana wa mwamuna wawo wa miyezi itatu.

5

Januwale anafika ndi mvula yake. Atate anaitana abusa, anapita nawo ku Chanyanya kukapereka mgonero. Ba Fines anagula thumba la ufa kusungira anthu a pamaliro. Foni ikalira, tonse tinkadumpha.

Ba Dailesi sanafe. Januwale anatha akusoka mayunifomu a ana a sukulu.

Mimba yanga nayo siinadikire kalendala. Ndinkavala majekete aakulu dzuwa likuswa mtengo, koma amayi a pamsika wa Kafue simungawabisire mimba ya miyezi isanu ndi umodzi. Ndikamadutsa pa matebulo a tomato nkhani inkaima, ndikangopitirira inkayambiranso ndi kuseka. Tsiku lina ndikupakula nshima, atate anayang'ana pamimba panga, nkuyang'ana kumaso.

"Ndi ya ndani?"

Ndinangopitiriza kupakula.

"Gwendolyn, mkulu wako ali moyo."

Ananyamula mbale yawo nkukadyera panja. Kuyambira tsiku limenelo sanadyenso nane chipinda chimodzi.

Koma amene anandinyansa kwambiri ndi Luckson. Tili kukhitchini, anakanda m'mutu, kuyang'ana pansi, nkunena motsitsa mawu kuti, "Manje Gwen, ija pepala siinakambe ati teni?"

Ndinamuyang'ana mwamuna amene analira pa sitepe uja. Nayenso ankawerenga miyezi! Tinali awiri m'nyumba imeneyo, tikudikira foni imodzi, aliyense akunamizira kupemphera.

Nkhani ya mimba inafika ku Chanyanya pa njinga za ogula nsomba, monga nkhani zonse zimafikira. Tinadikira mkuntho, koma kunali zii. Kenako mu Febuluwale tinamva kuti ba sisi anadzuka m'mawa wina, kuvala, kukoka ba Fines, nkukwera galimoto mpaka ku chipatala ku Lusaka osauza munthu. Anakapempha kuti apitirize chithandizo chimene anasiya. Madokotala anawajambula. Matenda anali atafika m'mafupa a m'chiuno ndi m'chiwindi. Anawapatsa mankhwala oletsa ululu nkuwabweza.

Ba Fines anandiuza pafoni kuti dokotala anafunsa katatu kuti, "Mayi, munasiyiranji?"

Funso limene linandidya ine linali lina. Munthu amene anasoka kale diresi yake ya m'bokosi, chinamudzutsa nchiyani kuti abwerere ku makina a kuchipatala? Sabata yoyamba ya Malichi foni yanga inalira.

"Gwen, bwela mailo kuseni. Bwela weka."

6

Mawa lake ndinafika cha m'ma 9 m'mawa. Ba Fines anangondiloza chitseko ndi mlomo nkupita kudooko. M'miyezi iwiri yokha ba sisi anali atatha. Anakhala pa mphasa atatsamira khoma, mikono ngati timitengo, maso okha ndiwo anali omwe aja. Pambali pawo panali kadiresi ka mwana kachikasu, ka timaluwa pakhosi.

"Khala pansi, olo mimba ikukanika?"

Ndinakhala movutikira.

"Pamene ninamvela za iyo mimba, ninalila masiku yabili," anayamba. "Tsiku lachitatu ninazifunsa neka, nanga ine nine wakufa kudala, nilimbilana chani? Luckson anali wako poyamba, niziba. Ninakutengela, sininapepese. Ninati lekani batengane, nyumba isagwe. Ninati nimusokele mwana kadilesi, akazibe kuti anali na amake akulu."

"Ba sisi..."

"Khala zii. Ninatenga pepala mu katoni yako. Ninajambula, ninadula. Pamene ninaitembenuza kuti niike mapini pa nsalu, ninaona ivi."

Anapisa dzanja pansi pa pilo nkundipatsa. Linali pepala lodulidwa ngati kutsogolo kwa kadiresi, khosi lozungulira, mapewa awiri, timabowo ta mapini m'mphepete. Pakati pake panadutsa mzere wa masitepe. Unatsika mofulumira kuchokera paphewa lakumanzere, sitepe ndi sitepe, ndipo utafika pa mwezi wa 14 unaleka kutsika. Unagona chopingasa pachifuwa pa kadiresiko mpaka kukatulukira mbali inayo.

Tsopano ndikuuzeni za Lachisanu lija.

Ndinaika mapepala awiri pa tebulo la ba Chileshe. Anayang'ana la Weibull, anayang'ana la Cox, nkuwasanjikiza pawindo kuti dzuwa liwale mizere yonse iwiri. Chaka choyamba inkayendera limodzi. Kupitirira apo inasiyana. Amayi ambiri m'fayilo anali atatsatiridwa miyezi yochepa, ndipo m'miyezi imeneyo imfa zinkachuluka mwezi ndi mwezi. Weibull anamvera ambiriwo nkupitiriza kutsetsereka mpaka pansi, poti kubwerera saloledwa. Koma panali kagulu ka amayi amene anamaliza chithandizo, nadutsa chaka choyamba, ndipo anangokhala osafa. Zaka ziwiri, zitatu, zinayi, ali moyo, akubwera ku kiliniki ndi miyendo yawo. Cox anawaona. Weibull anawapondaponda.

Ba Chileshe anatenga bolopeni yawo yofiira nkulemba m'Chingelezi pa pepala la masitepe. Mawuwo lumo la ba sisi linawalambalala, onse analipo pansi pa khosi la kadiresi: "Gwiritsa ntchito iyi. Weibull sakukwana, akupha amayi amene ali moyo. Mwa omaliza chithandizo, anayi pa khumi alipobe patatha zaka zinayi." Pansi pake anasaina ndi kulemba deti.

"Ninabelenga na deti," anatero ba sisi. "Chisanu. Ine ninakufunsa pa Mande."

Mukufuna kudziwa ngati ndinakonzeratu? Lolemba lija nditachoka pakhonde pawo, mapepala onse awiri anali m'chikwama changa. Ndinawatulutsa, kuwayala pabedi. Sindinasinthe nambala ngakhale imodzi. Sindinalembe bodza. Onse awiri anatuluka m'kompyuta imodzi, m'fayilo imodzi. Ndinangotenga limodzi kuika m'chikwama, linalo kuponya m'katoni pansi pa bedi, ndipo ndikuchita zimenezo ndinkaona ba sisi atagwada ndi jagi ya madzi patsogolo pa Luckson.

"Folo pa teni, Gwen," anatero, mawu ali phee. "Kapena nikanakhala pa basikisi bakufa. Kapena. Koma ona, chaka chasila nilibe na mankhwala yonse, nikali kukamba na iwe. Thupi iyi inali yolimba. Nikanaluza, nikanaluza neka. Iwe unanichotsa pa mzele."

Ndinayesa kugwada, mimba inanditchinga, ndinangogwa chammbali ngati thumba.

"Nikhululukileni, ba sisi."

"Va Luckson ninakukhululukila kudala. Ivi awe."

Ndiye tamverani chimene chinatuluka pakamwa panga pambuyo pake. Osati kulira, osati pemphero. Ndinafunsa kuti, "Muzauza atate?"

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiwe Gwen zoona. Sinizauza munthu. Atate bangafe na bipi. Luckson angakuthamangitse, ndiye upeze pokambila ati nalangiwa, vasila. Awe. Ukwatiwe naye. Uzimuphikila, uzigona pa bedi yanga. Mwana umuvalike iyi pa ubatizo. Na patani tenga, ni yako."

Anatembenukira kukhoma. Ndinakhala pamenepo mwina ola lathunthu, koma sanandilankhulenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

7

Mwana anabadwa mu Epulo, wamkazi. Ba Dailesi anamwalira mu Ogasiti, mwezi wa 17 chisiyireni chithandizo. Ba Fines anati masabata omaliza ankakuwa mpaka asodzi kudooko kuleka kukoka maukonde. Ine sindinaitanidwe, ndipo sindinapite kukawaona. Tinawaveka diresi yoyera ija. Inali itawakulira kwambiri moti amayi a Chigwirizano anachita kuipinda kumsana ndi mapini.

Pamaliro abusa analalika mwamphamvu. "Akatswiri a manambala anati miyezi khumi! Koma Mulungu wathu anawonjezera isanu ndi iwiri!" Tchalitchi chonse chinati ameni, ena kuimirira, manja m'mwamba. Mayi wina anandisisita pamsana nkundinong'oneza kuti ndisadandaule, sayansi ili ndi malire ake. Pobwera kumanda Luckson anandiuza kuti akundithokoza chifukwa ndinawauza zoona, mwakuti mkazi wake anakhala ndi nthawi yokonzeka. Dzina la mwana anasankha yekha. Anamutcha Dailesi.

Mu Okutobala ba Chileshe ananditumizira fayilo yatsopano, yowonjezeredwa odwala a chaka chathachi, kuti ndimalize. Mayina munalibe monga kale. Koma pa mzere 431 ndinaima. Zaka 36. Boma la Kafue. Anayamba Malichi 2023. Sanamalize. Pa chifukwa chosiyira wina analemba mawu awiri okha, akuti uphungu wa achibale. Kabokosi komaliza kanali kopanda kanthu.

"Iyo 431 sitiziba ngati ali moyo," anatero ba Chileshe pafoni. "Ika ziro, olo ufufuze."

"Nafufuza kale, ba dokota."

Ndinalemba 17 pa miyezi. Ndinalemba 1 m'kabokosi. Kenako ndinayendetsa Cox, ndipo mzere wa ba sisi unalowa m'gulu la osamaliza nkulimbitsa pang'ono umboni wanga woti kumaliza chithandizo kumapulumutsa moyo. Ndinapambana bwino kwambiri. Mutu wachitatu wa kafukufuku wanga, wonena za kusankha pakati pa parametiriki ndi semi-parametiriki, ba Chileshe amaupereka kwa ophunzira atsopano kuti aonerepo.

Inu owerenga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni, ndipo mukandimvera ndiye kuti simunawerenge bwino. Sindikunenanso kuti manambala ndi abodza. Manambala aja anali oona onse, ndipo akanakhala amayi ena, matenda ena, mwina mzere wosalala uja ukanakhala wolondola. Koma pepala lililonse limene mwapatsidwa, alipo munthu amene anasankha njira yake, ndipo munthuyo ali ndi mtima, ali ndi zimene sanaiwale. Wina akadzakuyalirani mzere wokongola pa chitenje, kaya ndi wa matenda, kaya ndi wa chiyani, mudzamufunse funso la mkulu wanga, ngati wakupimani inuyo kapena wakuvekani ya salaula. Akadzayankha kuti ndi kompyuta, mudzamuuze atulutse pepala linalo. Ndipo musadzasiye mankhwala chifukwa cha mawu a wachibale, ngakhale wophunzira chotani. Bwererani kwa dokotala mukafunse.

Kadiresi kachikasu kaja tinamuveka Dailesi wamng'ono pa ubatizo. Kanamukwana ndendende, chonsecho amene anasoka sanamuonepo. Patani ili m'Baibulo langa, ndipo ndimaitana dzina la mkulu wanga kakhumi pa tsiku, pomudyetsa, pomusambitsa, pomuletsa kugwira soketi.

Ba sisi anandilanga ndi kukhala chete, ndipo ndapirira chaka ndi miyezi. Mwina polemba izi ndikuthawa chilango chawo, ndasankhanso pepala londikomera ine. Zimenezo muweruze ndinu. Chimene ndikudziwa nchakuti Luckson amagula magazini ino pa siteshoni Loweruka lililonse, amaiwerenga yonse atakhala pa sitepe ija ine ndikuphika, ndipo mayina sindinasinthe ngakhale limodzi.